Apongozi Sayang'ana Mkamwini

Rosettenville, Joni
12 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, mng'ono wanga Stacy ndi mwana wanga Salome. Mwendo uja ukutupabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa kakundisowetsa mtendere pang'ono, koma si kogoneka munthu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati mafoni anatha. Pa foni inu mumangoti "zili bwino, zili bwino," mayunitsi n'kutha nkhani isanayambe. Ndiye ndati ndilembe, a Jailos onyamula katundu aja akutulireni pamodzi ndi chikwama, muwerenge mofatsa mutavala magalasi, mukamaliza mubwerezenso.

M'chikwamamo muli mafuta ophikira, sopo, nsapato zakuda za kusukulu za Salome ndi mankhwala opaka mwendo wanu. Nsapatozo ndagula zokulirapo dala, asanyinyirike, phazi lake likukula mwezi ndi mwezi. Mankhwalawo ndi anu, musayambe kugawira limana lonse. Ndalama ndatumiza pa foni ya Stacy. Ya lendi muyambe mwapereka, ina mulipire madzi, yotsalayo ndi theka langa la fizi ya teremu ino. Denga la kuchipinda kwa Salome ngati likudonthabe, muwauze a landilodi kuti akonze kapena achotse pa lendi. Musamangotchera beseni n'kumawauza zikomo.

Theka lina la fiziyo ndiye nkhani imene ndalembera. Mukukumbukira kuti ukwati wanga ndi a Kingsford utatha, khoti la ana linagamula kuti iwo, monga bambo ake a Salome, azipereka K70,000 pamwezi, kuphatikizapo theka la fizi. Ankapereka bwinobwino ine ndikadali ku Blantyre. Nditangokwera basi ya kuno anayamba kudumphitsa, ndipo kuchokera Malichi chaka chatha sanaponyepo ngakhale tambala. Ndikawaimbira sayankha. Ndikawalembera uthenga amawerenga n'kukhala duu, koma tsiku lomwelo n'kuika chithunzi atatsamira galimoto yatsopano ku Chichiri, atavala magalasi akuda ngati woimba.

Amayi, mwanayo akukhala ndi inu ku Chimwankhunda, ndiye woyenera kufunsa ndalamayo ndinu. Mwezi ukangotha, malipiro asanauluke, mukwere minibasi mupite ku ofesi kwawo m'tauni. Sindikuti mukakangane. Mukangoti, "Ndabwera kudzatenga ya mwana," basi, n'kukhala pampando mpaka atulutse.

Salome ali Fomu 3 tsopano, si nthawi yoti azibwezedwa pageti. Mumuuze kuti malikisi ake a masamu ndawaona ndipo sindinaseke.

Za kuno ndidzakuuzani tsiku lina. Ntchito ikuyenda, adona anga ndi munthu wabwinoko akadzuka bwino. Nkhani ya mapepala ija ikadali pomwe inali.

Ndine mwana wanu,
Felicia

Rosettenville
9 Febuluwale 2025

Amayi,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti mvula yagwetsa khoma la bafa, ndikhulupirira palibe amene anali m'katimo. Ine ndadzuka, chifuwa chija chachepa.

Stacy wandifotokozera zonse, ndipo musamukalipire, ndinachita kumuumiriza. Akuti munatchena ndithu, chitenje chanu cha ku tchalitchi, mpaka munakafika pakhomo la ofesi. Mlonda anakupatsani mpando. Ndiyeno mutangomuona Kingsford akutsika masitepe, munadzuka, n'kufunda chitenje kumutu, n'kukalowa m'shopu ya mafoni yoyandikana nayo. Munaima m'menemo mukuyang'ana mafoni oti simungagule, mpaka iye analowa m'galimoto n'kumapita. Munabwerera kunyumba chimanjamanja, ya minibasi itapita pachabe.

Ndinayamba ndaseka, kenako ndinalira. Amayi, Blantyre wa lero, pakati pa tauni, ndani akuthawabe mkamwini? Ndikudziwa kuti munaleredwa choncho ku Phalombe, ndipo agogo anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki: mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, sadyera pamodzi, mukakumana panjira mumapatuka, ngakhale dzina lake simulitchula. Nthawi ya ukwati wathu ndinkati ndi ulemu wa anthu akale, ndipo unkandisangalatsa. Koma ukwati unatha. Munthu ameneyu ali ndi mkazi wina ku Mpingwe, Patricia, ndipo ali ndi khanda. Ndi mkamwini wa anthu ena tsopano, amuthawe amake a Patricia.

Stacy akuti yankho lanu ndi lakuti khoti linathetsa za papepala chabe, koma ankhoswe sanakhale pansi, Kingsford sanandisudzule, choncho kwa inu akadali mkamwini. Chabwino. Ngati chakutsekani pakamwa ndi kandalama ka chisudzulo, muwauze malume Vitalis, poti ndiwo anali ankhoswe anga, apite kwa ankhoswe a Kingsford akakatenge. Ngakhale K10 yachitsulo, yomwe ana masiku ano saitola panjira, ibwere, muione ndi maso, pakamwa panu patseguke.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi cha Loweruka. Mlonda atamuuza Kingsford kuti kunabwera mayi wachikulire wotsimphina, iye anadziwa. Anabwera ku Chimwankhunda, n'kunjuta kuseri kwa zenera, akuwomba m'manja. "Apongozi, mwaswera bwanji? Pepani, zinthu zathina m'dziko muno, koma month end ino ndipanga sort out zonse." Inu muli m'nyumba, maso pansi, "Zikomo bambo, zikomo, muyende bwino." Anasiya malofu awiri a buledi, paketi ya shuga ndi K10,000. Wakudziwani, Amayi. Munthu uyu ndinakhala naye nyumba imodzi, ndikudziwa mmene mutu wake umayendera. Akunjuta chifukwa waona kuti kunjuta n'kotchipa kuposa fizi.

Ndipo musandidzudzulenso kuti ndikumutchula dzina popanda "a" patsogolo. "A" ameneyo adzabwerera tsiku limene ndalama idzabwere.

Shugayo imwani, ndi wa mdzukulu wanu yemwe. Koma Lolemba Stacy apemphe kuntchito, mutengane mupite ku khoti la ana ndi pepala la chigamulo lija. Lili mu sutikesi yanga ya buluu, m'thumba la m'kati. Mukanene kuti bambo wa mwana analeka kupereka, ndipo wosunga mwanayo ndinu. Kumeneko mukalankhula ndi kalaliki, ameneyo si mkamwini wanu.

Khoma la bafalo muyambe mwatchinga ndi matumba, simenti tiona mwezi wa mawa.

Mwana wanu,
Felicia

Rosettenville
16 Malichi 2025

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu monga mwa masiku onse, ngakhale mtima uli pena. Mwendo uli bwanji? Stacy chimfine chinamusiya? Ine ndilipo.

Salome anandiimbira akulira pa foni ya mnzake, poti yake inalibe mayunitsi. Akuti anamuitana pa asembule pamodzi ndi ena osamaliza fizi, n'kuwatulutsa pageti anzawo akuona. Wakhala pakhomo sabata yathunthu inu osandiuza. Munkadikira chiyani, kuti ndilote? Kumapeto anandifunsa kuti, "Mami, kodi adadi anandiiwala?" Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

Ndatenga ndalama ku chipereganyu chathu cha amayi a ku Malawi kuno. Mwezi uno unali wa mnzanga wina, ndachita kumugwira mwendo kuti andisiyire, ndipo ndamulonjeza kena pamwamba. Theka la Kingsford ndalipira ine. Mawa lomwe mwana abwerere kusukulu, ndipo lisiti mulisunge bwino, likafunika kukhoti.

Musaganize kuti ku Joni ndalama timachita kutola. Adona andichotsera masiku awiri pa sabata, akuti magetsi ndi mafuta zakwera. Chipinda chimene ndikugona tilimo atatu, aliyense R900. Kabichi mmodzi R25, ndipo ndi kakang'ono koti ku msika wa Limbe angakupatse ngati basera. Masiku ano popita kuntchito ndimazungulira njira yaitali, chifukwa pa siteji pamaima anthu ofunsa mapepala. Ndisiyire pomwepo.

Za malume Vitalis ndamva. Anapita kwa ankhoswe a Kingsford, anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, anawapatsa ya minibasi, n'kuwauza kuti nkhani ya chisudzulo siithamangira, tidzakhala pansi mvula ikatha. Malume anabwerako akuyamikira nkhukuyo. Mwaona tsopano? Munthu wakanika kupereka ngakhale K10 yachitsulo. Si kuti alibe. Wadziwa kuti tsiku limene adzandisudzule ndi tsiku limene apongozi adzamuyang'ane m'maso. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uyu ndiye anachita kudzola ndi sopo yemwe.

Zikomo kuti kukhoti munapita, ndipo tsiku atipatsa. Tsopano mverani. A majisitireti akakufunsani, musakayambe ndi mbiri ya ukwati kapena ya ku Phalombe. Mukanene kuti analeka kupereka Malichi chaka chatha, kuti mwana anabwezedwa kusukulu, ndi kuti fizi yonse alipira ndi amake. Kingsford adzakhala momwemo, mwina moyang'anizana nanu. Mukalimbe mtima, ndi kanthawi kochepa. Ku limana mumalankhula mpaka ansembe kuyamba kuyang'ana wotchi, ndiye musadzandiuze kuti mawu mulibe.

Mumakonda kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndadekha chaka chathunthu, maso a nkhono sindinawaone, ndangoona ngongole.

Mupereke moni kwa malume. Muwauze kuti ulendo wina akadye kaye kunyumba asananyamuke.

Ndine,
Felicia

Rosettenville
13 Epulo 2025

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, zinazo ayi.

"Amayesetsa."

Ndiwo mawu amene munakanena kukhoti amenewo? Stacy akuti a majisitireti, mayi wofatsa bwino, anakufunsani kuti, "Agogo, bambo wa mwanayu amathandiza?" Kingsford ali poteropo, suti yake yotuwa, manja atapinda ngati ali pa mgonero. Inu mutu pansi, chitenje chafika pamphuno. "Amayesetsa." Anakupemphani kuti mukweze mawu ndi kufotokoza bwino, poti pepala la dandaulo likunena zina. Inu, "Amayesetsa ndithu, zinthu n'zovuta." Stacy anafuna kudzuka kuti alankhule, anamuuza kuti akhale pansi poti wodandaula si iye.

Ndikudziwa chimene munkatanthauza. Kwathu tikati munthu amayesetsa, aliyense amamva kuti palibe chimene akuchita, tangomufunditsa nsalu. Mumanena zomwezo za kwaya ya achinyamata ikaimba zosokonekera. Mwina a majisitireti anamva, poti nawonso ndi Mmalawi, n'chifukwa chake anakufunsani kawiri. Koma cholembera chawo sichilemba za kuseri kwa mawu, chimalemba chimene chatuluka pakamwa. Ndiye palembedwa kuti wosunga mwana wavomera kuti bambo amayesetsa. Kingsford n'kudzuka, n'kunena za buledi, shuga ndi K10,000 ija ngati wamanga nyumba ya malata, inu n'kugwedeza mutu kuti n'zoona. N'zoonadi, nanga mukanakana bwanji? A majisitireti sindikuwada, anatsata zimene anamva. Akuti kakambiraneni pachibale, mudzabwerenso mu Juni.

Tsiku limene Stacy anandiuza, ndinaswa kapu ya adona. Andidula R80.

Kukambirana kwake ndiye kumeneku. Kingsford wanditumizira uthenga, woyamba chaka chino. Akuti, "Felicia, tiyeni tikhale realistic." Akuti poti kutumiza ndalama uku ndi uku kukuvuta, Salome akakhale kwa iye ku Mpingwe, azidya zomwe iye akudya, fizi azilipira yekha, nkhani ya ngongole ithere pomwepo. Akuti mwana sangaleredwe ndi gogo wodwala mwendo amake akungoyendayenda kunja. Kuyendayenda! Ine amene ndimakolopa nyumba ya eni nditagwada kuti mwana wake avale nsapato.

Amayi, apa pokha tamverani. Salome asapite. Munthu amene walephera kumugulira kope chaka chonse sanayambe kumukonda lero. Patricia wabwerera kuntchito, khanda lilibe wolilera, ndipo mtsikana wantchito ku Mpingwe amafuna malipiro. Mwana wanga ndiye amuona kuti ndi waulere. Ndalama ndingaidandaule lero mawa n'kuiwala, koma mwana akalowa m'nyumba imene ija sukulu yathera pomwepo.

Holide ya Pasaka ino akabwera kudzamupempha, munene kuti amake akana. Ikani mlandu pa ine, ndazolowera. Ngati simungathe kumuuza, tsekani chitseko, ayankhe Stacy pazenera.

Ndatumiza R600 yokha mwezi uno, chipereganyu chija chikundidya. Mugule ufa ndi makala, nyama iyambe yadikira. Za simenti ya bafa muiwale kaye.

Felicia

Rosettenville
11 Meyi 2025

Amayi,

Moni ndithu, poti munandiphunzitsa kuti kalata siyamba ndi mkwiyo. Ndikhulupirira mwadzuka.

Munamupereka. Kingsford anadikira kuti Stacy apite kuntchito ku Limbe, n'kubwera kudzanjuta pazenera paja. Anati "masiku atatu okha, apongozi, akaone mng'ono wake," ndipo inu munalongedza chikwama ndi manja anu. Pasaka inapita, sukulu anatsegulira, mwana sanabwere. Foni imene ndinamugulira akuti yasungidwa kuti isamusokoneze maphunziro. Ndikaimba ya Kingsford imangolira. Tsopano wakasuma yekha kukhoti kuti mwana akhaliretu kwa iye, ndipo tsiku lake ndi lomwe lija la mu Juni. Umboni wake ndi mawu anu aja.

Mwandifunsa kudzera mwa Stacy kuti bwanji osangobwera ndekha. Ndikuuzeni poyera lero, poti ndakhala ndikuzungulira. Masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale. Ndikangofika pa boda andidinda chidindo choti ndisadzalowenso dziko lino kwa zaka. Ndikabwera ndabwereratu, ndipo lendi ya ku Chimwankhunda, fizi, mankhwala a mwendo wanu, zonse zithera pa boda pomwepo. Kingsford akuzidziwa zimenezi. Wangokhala phee kudikira kuti ndisankhe, mwana wopanda chakudya kapena chakudya chopanda mwana.

Ndinakusiyirani mwana mmodzi, Amayi. Mmodzi yekha. Inu mwasunga mwambo, mwana mwataya. Mawu amenewa ndi owawa, ndawayang'ana nthawi yaitali kuti ndiwafufute, koma ndawasiya.

Ya lendi ili kwa Stacy.

Felicia

Turffontein
1 Juni 2025

Okondedwa Amayi,

Kakalata kanu a Jailos andipatsa dzulo. Ndathokoza kumva kuti mwendo wachepa kutupa. Ine ndasamuka, muwauze a Jailos azindipeza kumene ndalemba pamwambapa. Kumene tinali kuja kunabwera alendo osaitanidwa, ofunsa mapepala aja, m'mawa wina, mnzanga mmodzi anapita nawo ndipo sitinamuonenso. Ine ndinali nditanyamuka kale kupita kuntchito. Musade nkhawa, ndili bwino.

Kalata yanu ndi yaifupi, koma ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Simunandiyankhe za mawu anga aja, simunandikalipire. Mwangoti Lachitatu munapita ku msika wa Limbe kukagula nyemba, nthawi ya sukulu, ndipo munaona mtsikana atabereka khanda, jumbo la tomato kumanja, akuwoloka msewu pakati pa maminibasi. Munamuzindikira ndi kayendedwe. Mutamuitana anakugwadirani pakati pa anthu, n'kunena kuti, "Agogo, kusukulu ndimapita Lolemba ndi Lachisanu, masiku enawa anti amakhala kuntchito." Ndipo mwamaliza ndi mawu akuti, "Ndamuona mwana, waonda."

Ku tchalitchi lero sindinapite, ndimaopa kuti ndikalira mokweza.

Sindikuuzaninso zoti mukanene kukhoti. Ndakuphunzitsani ngati mwana wa sukulu ya mkaka, ndakalipa, ndatuma malume, palibe chatheka. Mwambo munakula nawo zaka zonsezi, sindingauzule ndi bolopeni ndili ku Joni. Ndayamba kufunsa mtengo wa basi. Akuti R1,900 kukafika ku Wenela, katundu payekha. Khoti likapereka mwana kwa Kingsford ndikwera, andidinde chidindo chawocho. Ndikagulitsa tomato ku Limbe komweko, bola ndizimuona akudutsa. Tikadya chiyani sindikudziwa, musandifunse.

Pakadali pano Juni wafika, ndipo ku Mpingwe kumazizira kuposa kwathu, mphepo yake ya m'phiri ija. Stacy akuti juzi ya sukulu ya Salome inatsala pamsomali kuseri kwa chitseko. Akamupatsire pageti la sukulu Lachisanu, osati kunyumba kuja. Aikemo K5,000 m'thumba, wina asaione. Akamuuze kuti amake sanamuiwale, ndi foni chabe imene anamulanda.

Kukhoti mupitebe, ngakhale mukangokhala chete. Mwana akaone kuti kumbali yake kunabwera munthu.

Ndine mwana wanu,
Felicia

Turffontein
22 Juni 2025

Amayi anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji, inu, Stacy, ndi Salome amene ndamva kuti Loweruka anagona mpaka dzuwa kulowa m'nyumba? Musiyeni agone. Ine chifuwa chayambiranso ndi kuzizira kwa kuno, koma lero sindikuchimva.

Stacy wandifotokozera kawiri. Ndinamuuza kuti ayambirenso, poti ulendo woyamba ndinali mu takisi ndipo ndinkangolira, anthu n'kumandiyang'ana. Ndilembe mmene ndamvera, mundikonze pamene wathira mchere.

Akuti dzina lanu litaitanidwa munaimirira, chitenje kumutu monga kale, Stacy mumtima n'kuti basi, zapitanso. Ndiyeno munati, "Bwana woweruza, ndili ndi pempho. Kwathu mpongozi salankhula akuyang'anizana ndi mkamwini. Ndiloleni nditembenuke." Anthu anaseka. A majisitireti sanaseke, anati tembenukani agogo, bola mawu amveke. Munatembenuka, nkhope kukhoma, msana kwa Kingsford, n'kuyamba.

Akuti munalankhula ndi khomalo ngati lakulakwirani. "Khoma iwe, paja ndinati amayesetsa. Ndinanena mwaulemu, anandimva molakwa. Kuyambira Malichi chaka chatha, pakhomo panga palowa buledi, shuga paketi imodzi ndi K10,000. Mwana anabwezedwa kusukulu, analipira ndi amake. Anandibwereka mwana masiku atatu, ndinakamupeza ku Limbe tsiku la sukulu atabereka khanda. Ine mwendo ndi umodzi, koma kwanga mwana sanajombepo chifukwa cha matewera." Kingsford anayesa kukudulani, "Apongozi, apongozi, tadikirani," inu osatembenuka: "Sindikulankhula ndi inu, bambo, ulemu wanu ndikuusunga. Ndikulankhula ndi khoma."

Amayi, inu nomwe? Mawu onsewo munkawasunga kuti, ine ndikutha mabolopeni kuno?

Salome atafunsidwa payekha m'chipinda china ananena zomwezo. Ndiye agamula kuti mwana abwerere kwa agogo ake, ndalama ya pamwezi izidulidwa ku malipiro a Kingsford isanafike m'manja mwake, ndipo ngongole yakale azibweza pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono wakeyo adzatha Salome atalemba kale mayeso a Fomu 4. Sindikuvina ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu uja atha kusintha ntchito mawa kuti tiyambirenso kumusaka. Mwezi ukatha Stacy akafunse ngati ndalama yalowa. Ikapanda kulowa mundiuze tsiku lomwelo, osati ndidzamvere kwa mwana akulira pa foni ya eni.

Za basi ndayamba ndaziika pambali. Mwana wataya masiku ambiri teremu ino, mufunse aphunzitsi a masamu ngati angamamuthandize Loweruka, ndi mtengo wake, ndiona chochita. Mumugulire mazira ndi chiponde, thupi libwerere. Foni ya mwanayo malume Vitalis akaifunse kwa Kingsford, koma akaitenge ali chilili, asakhale pansi. Kalata ya mu Meyi ija, ngati mukadali nayo, muyatsire mbaula.

Chomaliza. Stacy akuti potuluka munakumana ndi Kingsford pakhonde la khoti, ndipo inu, mutangomaliza kumuvula pamaso pa anthu, munafunda chitenje n'kupatuka, kutsikira pa udzu ndi mwendo wodwalawo, kuti iye adutse. Poyamba ndinapsa mtima. Kenako ndinati ayi, pamenepo ndagonja. Mupatukireni mmene mungafunire, Amayi, ngakhale mpaka kalekale. Bola madzulo Salome azilowa pakhomo panu.

Ndine mwana wanu,
Felicia